Malire a Kutentha ndi Malire a Chikhumbo

Pakati pa anthu okonda masewera a pa kompyuta, makamaka iwo amene amadzimangira okha makina awo kunyumba pogula chipangizo chimodzichimodzi, pali chizolowezi chochotsa zitsulo ndi mafani oziziritsira amene makinawo adali nawo n'kuikamo mapaipi oyendamo madzi. Munthu akangoimva nkhaniyi amaiyesa ya amisiri okhaokha, yongofuna sikuludiraiva ndi dzanja losanjenjemera, yosayenera kutayirapo nthawi wafilosofi kapena mphunzitsi wa zachipembedzo. Koma amene akulowetsa madzi m'bokosi lodzaza mawaya a magetsi, akudziwa bwino lomwe kuti dontho limodzi logwera pamalo olakwika likhoza kupsereza katundu wa ndalama zambiri, wakhudza funso lakale kwambiri, lakuti kodi malire amene chinthu chili nawo ndi chilema choyenera kuchiritsidwa kapena ndi mbali ya chibadwa cha chinthucho, ndiponso, ngati malirewo angathe kukankhidwa, kodi alipo malo amene wokankhayo ayenera kuimapo n'kunena kuti zakwana. Funsoli silingayankhidwe bwino popanda kuyamba kumvetsa chimene madziwo amachita ndi chimene sangathe kuchita, pakuti ambiri oweruza nkhaniyi, oyamikira ndi onyoza omwe, amaweruza asanalondole kumene kutenthako kumathera.

Mu kompyuta yosewerera muli zipangizo ziwiri zimene zimatentha kuposa zina zonse. Choyamba ndi purosesa, kachipangizo ka masentimita pafupifupi 4 mbali iliyonse kamene kamawerengera ndi kulamula zochitika zonse za m'makinamo, ndipo chachiwiri ndi khadi la zithunzi, limene ntchito yake ndi kujambula zooneka pa sikirini kambirimbiri pa sekondi iliyonse kuti zioneke ngati zikuyenda. Zonse ziwiri n'zopangidwa ndi matransisita, ndiko kuti timaswichi tosaoneka ndi maso timene timayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo mabiliyoni pa sekondi, ndipo pafupifupi magetsi onse olowamo amatulukamo atasanduka kutentha, mogwirizana ndi zimene James Prescott Joule wa ku England adaonetsa mu 1841 zokhudza waya woyendamo magetsi. Purosesa ya Intel Core i9-14900K, yotuluka mu 2023, imakoka mawati 253 ikapanikizika ndi ntchito, pamene khadi la Nvidia GeForce RTX 4090 la 2022, lokhala ndi matransisita oposa mabiliyoni 76, limakoka mawati 450, kotero kuti ziwirizi pamodzi zingathe kutulutsa kutentha kwa mawati oposa 700. Purosesa yotereyi ikafika madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kale sizidali choncho, chifukwa purosesa ya Intel 8088 imene idali mu IBM PC ya 1981 sinkafuna fani yakeyake. Mu 1974 Robert Dennard ndi anzake a ku IBM adafotokoza kuti transisita ikachepetsedwa msinkhu imachepetsanso magetsi amene imafuna, motero opanga ankatha kuwonjezera matransisita ndi liwiro popanda kuwonjezera kutentha pa malo omwewo. Lamuloli lidagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 30, koma cha m'ma 2005 lidatha mphamvu chifukwa timakoma ta matransisita tidapyapyala mpaka magetsi kuyamba kudonthamo. Kuyambira pamenepo kutentha ndiko kwakhala chipupa chachikulu choletsa liwiro.

Madzi amalowa pa nkhaniyi chifukwa amatha kumwa kutentha kochuluka iwo eni asanatenthe kwambiri. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu yochuluka kanayi kuposa imene ingakweze kilogalamu ya mpweya, ndipo popeza madzi amalemera kuposa mpweya maulendo pafupifupi 800, lita imodzi ya madzi imasenza kutentha kumene kukadafuna malita a mpweya pafupifupi 3,500. Wosintha makina ake amamangirira pamwamba pa purosesa kachitsulo kamkuwa kamphako kotchedwa water block, kamene mkati mwake muli timizere tosemedwa topyapyala kuposa theka la milimita kuti madzi akhudzane ndi mkuwa pamalo aakulu, ndipo pakati pa purosesa ndi mkuwawo amapakapo phala lochepa lotchedwa thermal paste, lotseka timipata timene mukadatsalira mpweya. Pampu imakoka madzi m'kathanki n'kuwakankhira m'kachitsuloko, kuchoka apo amapita ku rediyeta, imene kawirikawiri imakhala ya mamilimita 240 kapena 360 m'litali, n'kubwereranso kuthanki. Ngati pampu ikuyendetsa malita 4 pa mphindi, kutentha kwa mawati 500 kumakweza madziwo ndi madigiri osakwana 2 pa ulendo umodzi wozungulira, n'chifukwa chake mkangano wa okonda makinawa, wakuti madzi ayambire ku purosesa kapena ku khadi la zithunzi, uli ndi phindu lochepa. Nzeruyi si yatsopano. Makompyuta akuluakulu a IBM ankaziziritsidwa ndi madzi m'zaka za m'ma 1960, Cray-2 ya 1985 idamizidwa m'madzi apadera osayendamo magetsi otchedwa Fluorinert, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu wamba adayamba kuyesa zimenezi m'nyumba zawo ndi timapampu ta m'matanki owetera nsomba zokongoletsera nyumba pamodzi ndi tirediyeta tochotsedwa m'magalimoto akutha. Ogula ambiri zidawafika pamene makampani adayamba kugulitsa zoziziritsira zomangiratu, zothiridwa kale madzi ndi kumatidwa kufakitale, monga Corsair H50 ya 2009 imene idapangidwa mogwirizana ndi kampani ya Asetek ya ku Denmark.

Komatu mfundo yaikulu, imene otsatsa malonda saitchula kawirikawiri, ndi yakuti madzi sazimitsa kutentha koma amangokusamutsa. Pa rediyeta pamakhala mafani, ndipo mafaniwo amapereka kutentha konse kwa madziwo ku mpweya wa m'chipinda, kotero kuti makina otchedwa oziziritsidwa ndi madzi pamapeto pake amaziziritsidwa ndi mpweya womwewo. Chimene chasintha n'chakuti kutentha kwachotsedwa msanga pa kamalo kakang'ono n'kumwazidwa pamalo aakulu, pamene mafani angathe kuzungulira pang'onopang'ono osasokosa. Nacho chitsulo choziziritsira ndi mpweya chili ndi madzi ake obisika, pakuti timapaipi tamkuwa totuluka pansi pake tili ndi timadontho timene timasanduka nthunzi ku mbali yotentha n'kukasandukanso madzi ku mbali yozizira, ndiye kuti njira ziwirizi sizitalikirana monga momwe mayina ake akumvekera. Mawati 700 aja amalowa m'chipinda onse, osatsalako ndi pang'ono pomwe, kaya adzera m'madzi kaya adzera m'chitsulo, ndipo mwini makina amene akuwerenga madigiri 60 pa sikirini m'malo mwa 90 akukhalabe m'chipinda chotentha chimodzimodzi, thukuta lili kamukamu. Pali malire enanso amene Rudolf Clausius wa ku Germany adawafotokoza mu 1850, akuti kutentha sikuchoka pakokha pa chinthu chozizira kupita pa chotentha. Tanthauzo lake pa makinawa ndi lakuti madzi a m'mapaipi sangazizire kuposa mpweya umene ukuwomba pa rediyeta, moti ku Chikwawa kapena ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala, pamene mpweya wa m'chigwa cha Shire umapitirira madigiri 40 masiku ena, ngakhale rediyeta ikule bwanji madziwo sangatsike pansi pa kutentha kwa chipindacho.

Apa m'pamene funso la filosofi limayamba kuoneka bwino, chifukwa malire a makinawa ali a mitundu iwiri yosayenera kuisokoneza. Ena ndi malire a luso, amene alipo chifukwa chakuti amisiri sadapezebe njira yabwinopo, ndipo oterewa amasuntha chaka ndi chaka. Ena ndi malire a chilengedwe, amene luso lililonse limagwira ntchito mkati mwake. Mu 1961 Rolf Landauer, wasayansi wa ku IBM, adaonetsa kuti kufafaniza kachidutswa kamodzi ka uthenga, kamene pa kompyuta kamatchedwa bit ndipo kamakhala 0 kapena 1, sikungachitike popanda kutulutsa kutentha kwinakwake, kochepetsetsa koma kosafika pa ziro, ndipo mu 2012 asayansi adakuyeza kutenthako m'labotale n'kupeza kuti mfundoyo ndi yoona. Charles Bennett adaonetsa mu 1973 kuti m'maganizo makina angathe kuwerengera osafafaniza kanthu, koma makompyuta amene anthu ali nawo m'nyumba amafafaniza mosalekeza, pakuti polemba chatsopano amachotsa chakale. Mapurosesa a masiku ano amadya mphamvu yoposa muyeso wa Landauer maulendo opitirira 1,000, ndiye kuti mbali yaikulu ya kutentha kwawo ikadali m'gulu la malire a luso. Chikhalirecho pansi pa zonsezo pali gawo losachotseka.

Gottfried Leibniz, m'buku lake la Théodicée la 1710, adagawa zoipa patatu, ndizo tchimo, zowawa, ndi kuperewera kumene cholengedwa chilichonse chili nako pa chifukwa chokhacho chakuti ndi cholengedwa, si Mlengi. Kutentha kosachotseka kwa purosesa kuli m'gulu lachitatuli, ngakhale kuti kukutcha choipa n'kukulakwira, chifukwa pa dziko lino chinthu chosatulutsa kutentha konse ndi chinthu chosagwira ntchito. Thupi la munthu wongokhala pansi limatulutsa mawati pafupifupi 100, ndipo limaleka pokhapokha moyo ukatha. Ngati zili choncho, munthu wosamutsa kutentha ndi madzi sakulimbana ndi Mlengi, monga momwe ena okayikira luso lililonse latsopano angaganizire, pakuti iye akusuntha malire a luso, amene adapatsidwa nzeru zowasunthira, pamene malire a chilengedwe akuwamvera afune asafune. Makina alibe mlandu pa nkhaniyi. Ngati mlandu ulipo, uyenera kufunidwa pa zimene mwini makina amachita ndi mpata umene madzi amupatsa.

Purosesa ikatsika ndi madigiri angapo, mpatawo ungagwiritsidwe ntchito m'njira ziwiri. Mwini makina angathe kuchepetsa liwiro la mafani kuti m'chipinda mukhale bata, makina akugwira ntchito yomwe ankagwira kale, kapena angathe kuwonjezera liwiro la purosesa kupitirira limene opanga adaika, mchitidwe wotchedwa overclocking, mpaka madigiri atabwerera pamene adali. Njira yachiwiriyi ikufanana ndi zimene William Stanley Jevons adalemba mu 1865 m'buku la The Coal Question, kuti injini za nthunzi zitayamba kudya malasha ochepa pa ntchito yofanana, dziko la Britain silidachepetse malasha amene linkagwiritsa ntchito koma lidawawonjezera, chifukwa chinthu chikatsika mtengo anthu amachifuna chochuluka. Masiku ano opanga makina adaika kale mtima umenewu m'zipangizo zawo: mapurosesa a AMD Ryzen 7000 a 2022 adapangidwa kuti pa ntchito yolemetsa azikwera liwiro mpaka atafika madigiri 95, moti choziziritsira champhamvu chimawonjezera liwiro m'malo motsitsa madigiri. Ndipo mtengo wa liwirolo umakwera msanga kuposa phindu lake, pakuti kuti purosesa ithamange kwambiri imafuna kuwonjezeredwa voltage, ndiko kuti mphamvu yokankhira magetsi, ndipo kutentha kumakula molingana ndi voltage yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Kuikweza ndi maperesenti 10 kumawonjezera kutentha ndi maperesenti 21, liwirolo lisanawerengedwe n'komwe.

Aristotle, m'buku loyamba la Politics, adasiyanitsa kufuna chuma kwa mwini banja ndi kufuna chuma kwa munthu wongounjika ndalama. Chuma cha pabanja chili ndi malire chifukwa ndi chida, ndipo chida chilichonse chimapimidwa ndi ntchito imene chidapangidwira. Koma chida chikasanduka cholinga palibenso chochipima, ndipo mwini wake sangadziwe tsiku limene wakwanitsa. Mfundoyi ikukwana pa kompyuta popanda kuikakamiza. Wofuna bata ali ndi pothera, chifukwa phokoso likatsika kufika poti khutu silikulimvanso, rediyeta yachitatu simupatsanso kanthu. Wofuna kuti masewera ake aziyenda mosadukiza alinso ndi pothera, pakuti sikirini yoonetsa zithunzi 144 pa sekondi singaonetse zathunthu zoposa pamenepo, ngakhale kuti osewera mipikisano amapindulako pang'ono makina akamayankha msanga. Koma wofuna nambala, amene amayendetsa mapulogalamu oyezera liwiro kuti ayerekeze zotsatira zake ndi za anzake, alibe pothera, chifukwa nambala iliyonse ili ndi inzake yoiposa. Kumene njirayi imalowera kumaoneka pa mipikisano imene akatswiri amathira pa purosesa nitrogen wamadzimadzi, amene amawira pa madigiri 196 pansi pa ziro, kapena helium wozizira koposa pamenepo. Mu Disembala 2022 purosesa ya Intel Core i9-13900K yoziziritsidwa ndi helium idapitirira magigahetsi 9, ndiko kuti kugunda maulendo mabiliyoni 9 pa sekondi, koma makina otere amakhala pa liwirolo kwa kanthawi kongokwanira kulemba nambalayo, ndipo palibe amene amasewererapo masewera.

Wina angathe kuidula nkhani yonseyi ponena kuti bata ndi nambala zonse ziwiri zikutumikira masewera, ndipo masewera si chinthu choti munthu wamkulu azichithera ndalama ndi nzeru. Aristotle yemweyo, m'buku lakhumi la Nicomachean Ethics, adaona masewera ngati mpumulo wothandiza munthu kubwerera ku ntchito, ndipo adati n'kupusa kuvutika moyo wonse pofuna kusewera. Thomas Aquinas, polemba Summa Theologiae m'zaka za m'ma 1200, adapita patsogolo pang'ono: pa funso la 168 la gawo lachiwiri la chigawo chachiwiri adaphunzitsa kuti mtima umatopa monga thupi limatopera, kuti mpumulo wake ndi chisangalalo, ndiponso kuti kusewera moyenera ndi khalidwe labwino limene Agiriki ankalitcha eutrapelia, moti ngakhale munthu wokana chisangalalo chilichonse, wolemetsa anzake ndi nkhope yake, nayenso walakwa. Adaikapo zochenjeza zitatu, kuti masewera asakhale onyansa kapena opweteka ena, kuti asachotseretu munthu kudziletsa kwake, ndiponso kuti agwirizane ndi munthuyo, nthawi ndi malo. M'chiphunzitso cha Chisilamu muli liwu lakuti israf, lotanthauza kupyola muyeso pogwiritsa ntchito zinthu, ngakhale zololedwa zomwe, ndipo Qur'an imaletsa khalidweli. Miyambo iwiriyi sifunsa ngati chinthu chili chofunikira kuti munthu akhale ndi moyo, pakuti funso limenelo lingagwetse pamodzi nyimbo, maluwa ndi mpira. Imafunsa ngati chili pa muyeso, ndipo muyeso umadalira munthu. Bambo amene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi iye atangogula mapaipi owala mitundumitundu, mlandu wake sufuna Aquinas kuti auweruze.

Chovuta kwenikweni, chimene chimagwira ngakhale amene ali nazo ndalama, ndi kudzinyenga. Ambiri osintha makina awo amanena kuti akuwateteza kuti asapse kapena kuti akhalitse, koma purosesa imapangidwa kuti igwire ntchito zaka zambiri pa madigiri 80 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri mwini wake amaitaya chifukwa kwatuluka ina yatsopano, isanatope n'komwe. Pa masewera ambiri purosesa sifika pa mawati ake apamwamba, ndipo zitsulo zikuluzikulu zoziziritsira ndi mpweya, monga NH-D15 ya kampani ya Noctua ya ku Austria, yotuluka mu 2014 ndi yolemera kuposa kilogalamu imodzi, zimasiyana ndi zoziziritsira zamadzi za mamilimita 240 ndi madigiri ochepa chabe, komanso zilibe pampu yoti n'kufa kapena madzi oti n'kudontha. Chimene chimapindula kwambiri ndi madzi ndi khadi la zithunzi la mawati mazanamazana, makamaka pa nkhani ya phokoso. Kupatula pamenepo, zoti madzi ndi ofunikira zimakhala nkhani imene chikhumbo chimadzifotokozera chokha kuti chioneke ngati nzeru, ndipo chikhumbo chovala dzina la kufunikira n'chovuta kuchiweruza kuposa chikhumbo chovomera dzina lake.

Komabe pali chifukwa china chabwinopo chochitira ntchitoyi, chimene eni ake sachitchula kawirikawiri. Albert Borgmann, wafilosofi amene ankaphunzitsa pa University of Montana ku America, adalemba mu 1984 m'buku la Technology and the Character of Contemporary Life kuti zipangizo zamakono zimapatsa munthu chimene akufuna n'kumubisira mmene chabwerera, ndipo chitsanzo chake chidali cha kutentha komweku: banja lotenthetsa nyumba ndi nkhuni limadziwa kuwaza, kukoleza ndi kusonkhezera, pamene nyumba yotenthetsedwa ndi makina obisika imangofuna chala pa batani. Munthu womanga yekha njira ya madzi mu kompyuta akuyenda chobwerera pa msewu umenewu. Amamasula timasikuluu ta khadi la zithunzi n'kuvundukula choziziritsira chake, chinthu chimene nthawi zina chimafafaniza waranti. Amadula timapepala tofewa tonyamula kutentha molingana ndi kachipangizo kalikonse. Ngati mapaipi ndi olimba, amalowetsamo chingwe cha labala kuti asaphwafuke, n'kuwatenthetsa ndi mpweya wamoto ndi kuwapinda pang'onopang'ono. Amathira madzi otchezedwa, ndiko kuti ophitsidwa mpaka kusanduka nthunzi n'kubwezedwanso kukhala madzi kuti mchere utsalire, osakaniza ndi mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri. Kenaka amazula mawaya onse a magetsi kupatula a pampu, amalumikiza ndi kawaya mabowo awiri a pulagi yaikulu ya mabowo 24 kuti chopereka magetsi chidzuke makina ena onse ali chigonere, ndipo amayatsa pampu mwa apo ndi apo akuwonjezera madzi, chifukwa pampu yoyenda youma imawonongeka. Amapendeketsa bokosilo uku ndi uku kuti mpweya wotsekeredwa ukwere kuthanki, amayala matishu oyera pansi pa polumikizira paliponse, n'kusiya pampu ikuyenda usiku wonse kapena tsiku lathunthu, ndipo m'mawa amakhudza tishu iliyonse ndi chala asanalole magetsi kufika pa purosesa. Wodutsa mu zonsezi amadziwa makina ake m'njira imene wogula bokosi lomata sangaidziwe, ndipo nzeru yotere ili ndi mtengo wake ngakhale madigiri atatsika pang'ono chabe.

Ntchitoyi sithera pa tsiku lomanga, pakuti, monga akuluakulu adanenera, walira mvula walira matope. Madzi amafuna kukhetsedwa ndi kusinthidwa kamodzi kapena kawiri pachaka, fumbi limatseka timipata ta rediyeta, timizere ta mkuwa timadzaza zinyalala, ndipo amene adasakaniza mkuwa ndi aluminiyamu m'njira imodzi ya madzi amapeza aluminiyamuyo akudyeka, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa ndi madzi zimakhala ngati batire lofooka limene limadya chitsulo chimodzi. Ngakhale zomangiratu zija zimachepa madzi pang'onopang'ono chifukwa amalowerera m'makoma a mapaipi n'kuuluka, ndipo zikatha zaka zingapo zimafuna kutayidwa zonse. Augustine wa ku Hippo, m'buku loyamba la De Doctrina Christiana, adasiyanitsa zinthu zoyenera kugwiritsidwa ntchito ndi zinthu zoyenera kukondedwa pazokha, ndipo adaona kuti kusokonekera kwa moyo kumayamba munthu akasinthanitsa ziwirizi. Poyeza ndi muyeso umenewu, mwini makina amene amatha maola ambiri akuyang'ana madigiri kuposa amene amatha akusewera akuoneka ngati wasanduka wantchito wa chida chake. Koma chiweruzo chotere chingathe kufulumira kwambiri. Bernard Suits, m'buku la The Grasshopper la 1978, adafotokoza kusewera ngati kudzisankhira zopinga zosafunikira n'cholinga chozigonjetsa, ndipo pa tanthauzo limeneli kupinda paipi kuti ikwane ndendende popanda kudontha ndi masewera pakokha, osiyana ndi aja a pa sikirini koma osachepa ulemu. Wovomera zimenezi sakudzinyenganso, ndipo zochenjeza zitatu za Aquinas zingathe kumuyeza monga zimayezera wosewera bawo kapena woweta nkhunda.

Chiweruzo chingagwe chotere. Kusintha kompyuta yosewerera kuti iziziritsidwe ndi madzi n'koyenera kwa munthu amene ndalamazo sakuzilanda ku udindo wina, amene wavomera kusamalira chimene wamanga, ndiponso amene angathe kutchula, asanagule pampu, chimene akufuna ndi pamene adzaime, kaya ndi phokoso losamveka kuchokera pa mpando wake kaya ndi chimwemwe cha ntchito ya manja. N'kosayenera kwa amene akuyembekeza kuti madzi amuchotsera kutentha, chifukwa sadzatero, kapena kwa amene akuthamangitsa nambala, chifukwa madigiri alionse amene madzi amupatsa adzawabweza yekha kwa purosesa sabata isanathe. Ndipo pali njira yachitatu imene oweruza a mbali zonse ziwiri amaiwala, yochokera pa lamulo lomwe lija la voltage, pakuti lamulolo limagwiranso ntchito chotsika. Opanga makadi amaika zipangizo zawo pafupi ndi nsonga, pamene liwiro lowonjezera pang'ono limagulidwa ndi magetsi ambiri, kotero kuti wotsitsa voltage kapena woika malire a mawati, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere monga MSI Afterburner, amataya liwiro lochepa kwambiri poyerekeza ndi magetsi amene wapulumutsa. Mwa njira zonse zatchulidwazi, iyi yokha ndi imene imachepetsadi kutentha kolowa m'chipinda pamodzi ndi ndalama zolipira magetsi, ndipo sifuna kugula chipangizo chilichonse.